Chaka Chimene Ndinayanika Fodya M'nkhokwe

Ana a masiku ano akamadandaula kuti fodya wawo wabwezedwa ku okushoni, ine ndimangowayang'ana. Iwo akulira poti wabwezedwa, pamene ife kungopezeka ndi mbande imodzi ya fodya wa bale m'munda unali mlandu wokagonera kupolisi. Ndikufuna ndisimbe chaka chimodzi chokha, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nthawi ya chipani chimodzi, pamene ndinaswa lamulo limenelo ndi manja anga awiriwa. Mpaka lero sindinapepese kwa munthu.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ndinakulira pa esiteti ya fodya ku Kasungu, kumene bambo anga anali tenanti. Ndinakwatiwa kuno kumwera kwa Mzimba, kufupi ndi Manyamula, ndipo anthu a kuno amanditcha NyaPhiri. Amuna anga, a Shaba, anamwalira ndi chifuwa chimene anabwera nacho ku Joni. Anandisiyira ana atatu, munda wokhala ndi chulu chachikulu pakati, ndi nkhokwe ziwiri zimene anamanga akadali ndi mphamvu. Kuno sikuli ngati kwathu. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ndiye ana ndi a kuchimuna, munda ndi wa kuchimuna, ndipo mkazi wamasiye amakhalapo malinga ngati akuulima ndi kudyetsa ana a eni ake.

SEPUTEMBALA

Chaka chapitacho mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo tinakolola zochititsa manyazi. Pofika Seputembala ndinkachita kulowa m'nkhokwe ndi mutu womwe kuti ndipeze chisononkho.

Chaka chomwecho kutsidya kwa mtsinje kunabwera esiteti. Mwini wake sitinamuonepo, tinkangomva kuti ndi bwana wamkulu wa ku Lilongwe. Anthu ake anabwera pa galimoto, anakhoma zikhomo, ndipo anatiwerengera pepala loti lamulo likulola boma kupereka malo a mudzi osagwiritsidwa ntchito kwa munthu wolima fodya. Osagwiritsidwa ntchito! Ankanena tsala limene tinkalipumitsa, ndi dambo limene ng'ombe za mudzi wonse zinkadyako.

Lamulo limenelo linali ndi linzake. Bale ankalima munthu wa layisensi yekha, ndipo layisensi ankapatsa wa esiteti yekha. Ife a pamudzi ati tizilima chimanga ndi mtedza, tizikagulitsa ku msika wa boma basi, pa mtengo umene wailesi yanena. Mbewu ya ndalama ikhale yawo, ya thukuta lopanda phindu ikhale yathu. Ine sukulu ndinalekera sitandade 4, koma pamenepo sipankafunika sukulu kuti munthu aone.

Tsiku lina kunabwera alamu anga a Yotamu, akulu awo a amuna anga, amene anali mutu wa banja. Ndinawayalira mphasa, ine n'kugwada chapatali monga mwa mwambo wa kuno.

"Mlamu, nkhokwe zanu zili mbee ngati zanga," anatero. "Ku esiteti akulemba matenanti, ndipo akupereka chimanga mwezi ndi mwezi. Tiyeni tonse, mbwenu ana adye."

"Alamu, chimanga cha tenanti ndinadya zaka khumi," ndinayankha. "Sakupatsa chija, amakukongoza. Bambo anga ankalima fodya wodzaza zigafa ziwiri, koma pochoka pa esiteti tinanyamula mphasa ndi mapoto omwe tinapita nawo. Komanso munda tikausiya chaka chimodzi, abwera ndi zikhomo zawo, ati sukugwiritsidwa ntchito."

"Yayi, zimenezo ndi ndale, ndipo musaziyankhulenso. Ine ndikupita. Inu tsalani ngati muli ndi mphamvu chomene. Koma mukakanika kudyetsa ana a mng'ono wanga, ndidzawatenga, inu mudzaone njira ya ku Dowa."

Mawu amenewo anandibaya, ndipo sindibisa, ndinalira iwo atachoka. Nditapukuta misozi ndinakatsegula sutikesi. Munali kabotolo ka njere za bale kamene mchimwene wanga anandisiyira atabwera kumaliro a amuna anga, akuti mwina tsiku lina zinthu zidzasintha. Ine ndinaona kuti kudikira kuti zisinthe ndi kudikira kuti andilande ana. Ndinafesa njerezo kudimba, bedi limodzi pakati pa mabedi a mpiru, n'kuphimba ndi udzu monga timachitira ndi ndiwo zamasamba.

NOVEMBALA

A Yotamu anasamuka ndi banja lawo lonse, pamodzi ndi mabanja ena anayi. Anatseka zitseko ndi mitengo, minda yawo inatsala yosagalauza.

Ine ndinagalauza wanga wonse, ndi ana anga awiri aakuluwo. Manyowa ndinkatuta pamutu kuchokera m'khola lakale la amuna anga, n'kumathira kuseri kwa chulu, mizere khumi ndi iwiri. Feteleza ndikanamutenga kuti? Chimanga ndinadzala mvula isanagwe, dothi lili gwa, kuzungulira munda wonse, koma mizere ija ndinaisiya. Anthu ankaseka kuti Mchewa uja wapenga, akudyetsa mbewa mbewu. Ndinkawasiya aseke. Ndinkafuna kuti chimanga chiyambe ndicho kukula, chidzakhale mpanda.

DISEMBALA

Mvula inagwa bwino sabata yoyamba. Chimanga chitafika m'mawondo ndinawokera mbande zanga, tsiku la mvula yowaza, anthu ali m'nyumba.

Pakhomo chakudya chinali chitatha. Tinkaphika mango osapsa, tinkadya gaga wa kuchigayo amene kale tinkapatsa nkhumba. Ndinapita kawiri ku Mzimba Boma pansi, chifukwa kunamveka kuti ku msika wa boma kwafika chimanga. Pachipata achinyamata a chipani ankayamba aona khadi, ndipo mayi wapakati ankamugulitsa makhadi awiri, lina la ali m'mimbayo. Ulendo woyamba chimanga chinatha ndili pa mzere. Wachiwiri ndinapeza theka la ndowa, ndipo ndinabwera nalo ngati ndabereka khanda.

Mphekesera zinali zambiri kuposa ufa. Ena ankati chimanga chathu chomwe tinagulitsa chadzaza m'nkhokwe zazikulu za ku Lilongwe. Ena ankati chagulitsidwa kunja. Amuna ena ankadutsa m'tchire kukasaka ufa ku Zambia, koma wopusa akatulukira pa Jenda ankalandidwa thumba ndi njinga yomwe. Chinthu chimodzi chokha sichinkanenedwa mokweza, ndicho mawu akuti njala. Wailesi inkati m'dziko muno mulibe njala, aliyense akudya katatu. Munthu ukanena kuti pakhomo pako pagona njala, ndiye kuti ukutsutsa boma. Choncho tinkati mwana wadwala malungo, mapazi ali chitupire.

JANUWALE

Fodya anakula ngati akudziwa kuti ndi wakuba. Masamba anatambalala, ofewa, obiriwira motuwirako monga bale amachitira. Ndinkalowa m'mundamo ndi khasu ngati ndikukabandira chimanga, ndikafika kuseri kwa chulu n'kuyamba kuphwanya mitu ndi kuchotsa mphukira. Manja ankada ndi utomoni, ndiye ndinkawatsuka ndi mchenga ndisanatuluke.

Sindinganame kuti palibe amene ankadziwa. Pamudzi palibe chinsinsi cha m'munda. Amayi ena okathyola nkhwani anaona, koma tikakumana kuchitsime ankangoti, "Monire, NyaPhiri, chimanga chanu chakula makora," n'kundiyang'ana m'maso nthawi yotalikirapo. Ine ndinkati yewo.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chigafa. Bale sauma ndi moto kapena dzuwa, amafuna mthunzi ndi mphepo, ndipo chigafa ndi chinthu choonekera kutali. Kumanga chigafa kunali ngati kupita ndekha kupolisi. M'khitchini utsi ukanamuwononga. Tsiku lina ndikusesa pabwalo ndinayang'ana nkhokwe zija zili chiimire zopanda kanthu, zolukidwa ndi nsungwi, mphepo ikungodutsa m'mipata. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Njala yomwe inazikhuthula ndi imene inandipatsa zigafa ziwiri.

Ndinazifolera udzu watsopano kuti dontho lisalowe, ndinapingasa nsungwi m'kati kuti zikhale mikangala, ndipo ndinakonza makwerero. Kuno mwamuna sasuzumira m'nkhokwe ya mkazi wa mwini, ngakhale mkaziyo akhale wamasiye. Ndi zamanyazi, anthu amakuseka kuti ukuwerengera mnzako zisononkho. Mwambo umenewo ndinauwerengera ngati loko.

FEBULUWALE

Ndinayamba kuthyola masamba a m'munsi. Ndinkawayala m'dengu, pamwamba n'kuphimba nkhwani, n'kudutsa nawo pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu. Masambawo ndinkawasoka pa chingwe m'nyumba, kenako n'kukwera makwerero kukapachika. Fungo linkandiopsa, koma khola la ng'ombe za aneba linali pafupi, ndipo nthawi ya mvula khola limanunkha kuposa chilichonse.

Mwezi umenewo Lusungu, mwana wanga wamng'ono, anayamba kutupa mapazi, tsitsi likufiira. Ndinkamuyang'ana, n'kuyang'ana nkhokwe, n'kumauza masamba aja mumtima kuti fulumirani.

Pakati pa mwezi a Chisi, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, anayenda khomo ndi khomo. A Chisi sanali munthu woipa mtima, anali wamantha chabe, ndipo mantha awo ankawabisa ndi kukuwa. Anati kukubwera bwana wa chipani wa kuchigawo kudzaona mbewu ndi nkhokwe, choncho aliyense asese, amayi avale nsalu ya chipani, ana otupa akhale m'nyumba.

Tsikulo linafika. Tinaimba, tinavina m'mimba muli kulira. Bwanayo, munthu wonenepa wa suti yakuda, anati akufuna aone mmene anthu asungira chakudya. Tsono nkhokwe za mudzi wonse zinali zopendekeka, madenga atabooka, chifukwa palibe amene amafolera nkhokwe yopanda kanthu. Zofoleredwa bwino, zoima chilili, zinali ziwiri zokha. Ndinaona a Chisi akutembenuka, akuloza kwathu, gulu lonse likuwatsata.

Bwanayo anaima patsogolo pa nkhokwe, mphuno yake kutalika kwa mkono umodzi kuchokera pa fodya wanga. Mwayi wake munthuyo ankasuta, ndudu ili pakamwa, ndiye fungo sanalimve.

"Amayi, muli chakudya umu?" anandifunsa.

Ndinagwada. Kunama ndinkaopa, kunena zoona ndinkaopa.

"Afunseni a tcheyamani, bwana. Ndiwo amadziwa za mudzi uno."

"Zodzaza, bwana!" anakuwa a Chisi. "Zonse ziwiri, mpaka kudenga! Ndinaona ndi maso anga. Mayi wamasiye ameneyu, koma wamvera malangizo a boma. Muno mulibe njala, bwana!"

Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta, ena akuluma milomo kuti asaseke. Mlembi wa bwanayo analemba dzina langa ndi la a Chisi m'buku. Pa msonkhano bwanayo ananditchula kawiri, kuti amene akuti kuli njala ndi alesi, akaone kwa NyaPhiri. Zimenezo zinandiwawa kuposa mantha aja. Anatenga umphawi wanga n'kukwapulira anzanga, Lusungu ali m'nyumba chigonere.

MALICHI

Masamba oyamba atauma, ofiirira bwino ngati chikopa cha mbuzi, ndinawamanga n'kupita nawo kwa kapitawo wa pa esiteti ija. Ndinkadziwa kuyambira ku Kasungu kuti maesiteti amagula fodya wakuba. Layisensi ali nayo, koma masamba sawakwanira. Kapitawoyo anafunyulula tsamba limodzi, analiyang'anitsa padzuwa, anandiyang'ana ine.

"Walima ndani uyu?"

"Wagwa kumwamba," ndinatero. "Ndikufuna chimanga, osati ndalama."

Anandipatsa ndowa ziwiri. Kunali kundibera, tonse awiri tinkadziwa, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lusungu anamwa phala la mgaiwa sabata imeneyo, ndipo mapazi anayamba kuphwa.

Koma kapitawo anali ndi pakamwa. Nkhani inafika kwa a Yotamu. Iwo zinthu zinali zitawavuta pa esiteti, chifukwa fodya wa tenanti amafuna manja ambiri, ndipo ana awo anali aang'ono. Ana anga awiri aakuluwo akanawathandiza kusoka ndi kunyamula. Lamlungu lina masana ndinaona akubwera a Yotamu, a Chisi, ndi achinyamata awiri a chipani. Anthu a m'mudzi anayamba kusonkhana chapatali.

"NyaPhiri," anayamba a Chisi mokuwa, "tamva kuti mukusunga fodya woletsedwa. Alamu anu omwe ndi amene anena. Tsegulani nkhokwe!"

Sindinagwade tsiku limenelo. Ndinakatenga makwerero ndekha, n'kuwatsamiritsa pa nkhokwe.

"Kwerani, adada. Inu ndinu a boma, mwambo wosasuzumira m'nkhokwe ya mkazi sukukhudzani. Kwerani muone. Koma mukatsika, tonse tipitire limodzi ku Boma. Ine ndikanena kuti ndalima bale, inu mukanene kuti munaimika bwana wa kuchigawo pamaso pa anthu onsewa n'kumuuza kuti mwaona ndi maso anu chimanga mpaka kudenga. Dzina langa ndi lanu zili m'buku limodzi. Akatifunsa kuti chimangacho chili kuti, ine ndikayankha kuti chinatha Okutobala, ndipo mudzi wonse uli ndi njala. Mawu amenewo ndikawatchula, adada, ndipo ndikati a tcheyamani ankadziwa."

Ndinkadziwa kuti wolima fodya wakuba amamangidwa n'kutuluka, koma wonamiza chipani sankadziwika kumene wapita. A Chisi ankadziwa zimenezo kuposa ine. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Mnyamata mmodzi anagwira makwerero kuti akwere. A Chisi anamukoka malaya.

"Iwe, ulibe mwambo? Nkhokwe ya amama ako ungasuzumiremo?" Kenako anatembenukira a Yotamu, thukuta lili kamukamu. "A Shaba, mwanditayitsa nthawi. Nkhokwe izi ndinaziona kale ine, muli chimanga. Nkhani za m'banja mwanu musamazibweretse ku chipani. Wanenanso za fodya pano, ameneyo akutsutsa lipoti la boma!"

Anachoka mofulumira, achinyamata aja pambuyo. A Yotamu anatsala ataima pakati pa bwalo, anthu akuwayang'ana. Sindinawayalire mphasa. Anayang'ana ana, amene anali pakhonde akudya chimanga chowiritsa, ndipo anabwerera ku esiteti osatsanzika.

Kuyambira tsiku limenelo a Chisi anasanduka mlonda wa fodya wanga. Akamva kuti kukubwera mlangizi wa zaulimi, ankamudutsitsa njira ya kumtunda.

MEYI

Chimanga changa chinacha, chosachuluka, koma chokwanira kutsegula nkhokwe imodzi mwaulemu. Fodya yense ndinamupereka kwa kapitawo uja pang'onopang'ono, ndipo ndinapeza matumba a chimanga okwanira kufika nawo mvula ina, ndi kandalama ka yunifolomu ya ana.

Tsiku lomaliza ndinaona masamba anga akuwadinda mu belo, n'kulembapo nambala ya esiteti. Kapitawo anandiuza moseka kuti fodya wanga ndiye wabwino kuposa wa matenanti onse, ndipo akamuika pamwamba kuti belo likagulidwe bwino. Ndiye kuti bwana wa ku Lilongwe, amene sanagwirepo khasu, akatamandidwa chifukwa cha manyowa amene ndinasenza pamutu. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, ngakhale ndinali nditapambana. Lamulo lija silinaletse fodya wanga kufika ku okushoni. Linangoletsa kuti afike m'dzina langa.

JULAYI

Galimoto ya zikhomo inabweranso, nthawi ino tsidya lino la mtsinje. Anayenda m'minda yonse imene inagona chaka chimenecho, ya mabanja asanu aja, udzu utafika m'chiuno. Anakhoma, anayeza, analemba. Atafika m'malire a munda wanga anapeza mizere ndi mapesi, ine nditaima pomwepo. Wamkulu wawo anayang'ana pepala, anayang'ana mapesi, ndipo chikhomo chomaliza anachikhoma m'mphepete mwenimweni mwa mzere wanga woyamba. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka galimoto itapita.

Patapita masabata awiri matenanti anawerengeredwa zawo. Atachotsa chimanga chimene ankadya, feteleza ndi makasu, a Yotamu anatsala ndi ndalama yosakwana thumba limodzi. Anabwerera kumudzi ndi mphasa ndi mapoto, n'kupeza munda wa bambo awo uli m'kati mwa zikhomo.

Anabwera kwathu m'mawa, ataonda, jekete ikulendewera. Chidani chimene ndinawasungira chinandithera pomwepo, ndinangomva chisoni. Ndinawayalira mphasa, n'kugwada chapatali monga kale. Kuno mwamuna sapempha munda kwa mkazi wobwera, ndipo mawuwo ankawakanika kutuluka.

"Mlamu," anatero potsiriza, "ana anga alibe polima. Ndapota."

"Munda ndi wa a Shaba, alamu, ine ndangousunga," ndinayankha. "Tengani chigawo cha kumunsi, mudzale chimanga. Koma kuseri kwa chulu tilima tonse, ndipo mizere ikhala makumi awiri ndi inayi. Inu mwaphunzira kusoka chaka chino, manja anu ndikuwafuna."

Anadzidzimuka, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina akumvetsera.

"Nanga lamulo, mlamu?"

"Lamulo lakudyetsani chaka chino?"

Anayang'ana ku zikhomo zija, kumene kunali munda wa bambo awo. Kenako anandifunsa, mawu ali pansipansi, ngati nkhokwe yawo yakale ija ingakwane, kapena amange ina yokulirapo.